Batala weniweni si majarini ayi

Abale, ndaona ambiri akusokoneza batala ndi majarini, ndiye ndati ndinenepo. Batala weniweni amachokera ku kirimu wa mkaka basi, amapukusa kirimuyo mpaka mafuta aundana n'kupatukana ndi madzi, ndipo pafupifupi 80 peresenti ya batala ndi mafuta a mkaka. Majarini amapangidwa ndi mafuta a zomera. Pogula werengani papepalapo, ngati palembedwa kirimu ndi mchere zokha, ameneyo ndiye weniweni.

Ine ndimamukonda chifukwa muli vitamini A wothandiza maso ndi khungu, komanso D, E ndi K pang'ono, ndipo mavitamini amenewa thupi limawatenga bwino pakakhala mafuta, ndiye kachidutswa pa karoti wowiritsa sikongokometsa kokha ayi. Koma osachita kuunjika, supuni imodzi yaikulu ili ndi ma calorie (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 100, ndipo mafuta ake amakweza kolesterol (mtundu wa mafuta a m'magazi), amene muli ndi vuto la mtima tsatirani zomwe adokotala anakuuzani.

Pokazinga amapserera msanga. Ine ndimamusungunula pamoto wochepa, thovu loyera lija ndimalichotsa ndi supuni, zapansi zikayamba kufiira ndimasefa pakansalu koyera, mafuta achikasu otsalawo amapirira moto ndipo amakhalitsa. Tsiku lina mphete inakanirira pachala chotupa, ndinapaka batala pang'ono n'kumapotoza, inavuka bwinobwino. Ngakhale guluu wa sitika m'manja amachotsa.

Chokhacho chonde, mwana akapsa musamupake batala, amasunga kutentha pabalapo. Thirani madzi ozizira apampopi kwa mphindi 20.