Wokwiyayo akhale kutsogolo kwanga

Pachigongono changa chakumanja pali kachipsera kosaposa chikhadabo cha khanda. Kanabwera ndi galasi loonera kumbuyo la pikiapu ina yoyera, m'mawa wina zaka 4 zapitazo ndikupalasa njinga kupita kuntchito. Sindinagwe. Galasilo linangondimenya kuti khwa, n'kupindikira mkati, galimoto n'kumapita ngati palibe chachitika. Kachipserako si nkhani. Chimene chinatsala pang'ono kundipha ndi zomwe ndinachita ineyo pambuyo pake.

Ndinaithamangitsa galimotoyo. Inde, ine mayi wa ana awiri, chikwama cha kuntchito chili pakaliyala, ndinadzuka pachishalo n'kuponda mapedulo ngati kunyumba kwabuka moto, chifukwa ndinkadziwa kuti kutsogolo kuli maloboti ndipo nthawi imeneyo magalimoto amakhala atandandana. Ndinaipezadi. Ndinamenya chitseko ndi chikhatho katatu, kenako ndinatulutsa mawu amene sindingawalembe pano poti mwana wanga wamkulu amawerenga zimene ndimalemba. Mwini wake anatsitsa windo pang'onopang'ono, wosapupuluma n'komwe.

"Iwe, wamenya galimoto ya ndani?"

"Mwandigunda inu! Magaziwa simukuwaona?"

"Chotsa kachitsulo kakoko pamsewu. Ndikupondatu."

Maloboti atalola, ine ndi ukali wangawo ndinanyamuka ndili kutsogolo kwake. Apa m'pamene ndinapusa zenizeni. Anandilondola pafupifupi theka la kilomita, bampala itatsala pang'ono kukhudza tayala langa lakumbuyo. Aponde moto injini ilire, aponde buleki, aponde moto kachiwiri, hutala ili pakamwa osaleka. Mbali inayo kunali ngalande, kopanda kothawira. Ndinapulumukira pamalo omwetsera mafuta, ndipo nditatsika miyendo inakana kundinyamula. Botolo la madzi ndinalephera kulitsegula, manja akunjenjemera.

Madzulo ndikufotokoza, bambo a kunyumba anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anangofunsa kuti, "Ndiye inuyo mumati mulimbana naye ndi chiyani? Belu?" Ndinawakwiyira tsiku lonse lotsatira, makamaka chifukwa ankanena zoona. Ine, njinga ndi chikwama tikaphatikizana sitipitirira makilogalamu 90. Pikiapu ngati ija imayandikira matani awiri. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yomwe chinthu chimagunda nayo imawirikiza kanayi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse padziko lonse, ndipo oposa theka ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto. Ambiri mwa anthu amenewo mwina sanalakwe chilichonse. Kusalakwako sikunawabwezere kwawo.

Ulendo wanga ndi wa makilomita 11 kupita, 11 kubwera, masiku 5 pamlungu. Nditachira mantha aja ndinayamba kuwerenga m'mutu magalimoto amene andidutsa moyandikira kwambiri, n'kumadzifunsa kuti kodi onsewa amadana nane? Yankho linandichititsa manyazi pang'ono. Ambiri mwa anthu amene ndinkawatcha ankhanza sanali ankhanza. Ndinkawaitana ndekha.

Ndinkapalasa nditakanirira m'mphepete mwenimweni, pamene tala imathera, pomwe pamasonkhana mchenga, misomali ndi zidutswa za mabotolo. Ndinkati ndi ulemu, ndisasokoneze eni msewu. Koma ukakanirira choncho, woyendetsa galimoto amaona mpata womwe kwenikweni palibe. Amaganiza kuti adutsa osachoka m'mbali mwake ngakhale kutsogolo kukubwera basi, ndipo amadutsadi, iwe chigongono chili pagalasi. Komanso ukakumana ndi dzenje ulibe kopatukira koma kulowa kumene kuli magalimoto, modzidzimutsa, nthawi imene iwo sakuyembekezera.

Ndinasunthira mkati pafupifupi mita imodzi. Tsiku loyamba mtima unali m'mwamba ulendo wonse. Ma hutala anachuluka, zimenezo sindinganame. Koma kundikhula kuja kunachepa kwambiri, chifukwa tsopano munthu akafuna kundidutsa ayenera kuganiza kaye, kuyang'ana kutsogolo, kukhotetsa chiwongolero. Hutala ndinayamba kuimva mwanjira ina: woliza hutala wandiona. Amene amandiopsa ndi wongobwera phee, maso ali pafoni.

Panjira yanga pali kamlatho kopapatiza, mamita ngati 40, pomwe galimoto ndi njinga sizingayende moyandikana. Pamenepo ndimayang'ana kumbuyo, kutambasula dzanja, n'kulowa pakati penipeni pa mbali yathu ya msewu. Wakumbuyo adikire masekondi 10. Ndikangotuluka pamlathopo ndimabwerera m'mbali n'kukweza dzanja kuthokoza. Kadzanja kameneko kamazimitsa moto wambiri. Ena amabwezera ndi kahutala kakafupi ka pii, kosiyana kutali ndi kamwano kaja.

Zimenezi si nzeru zanga zokha ayi. Ku Britain, malamulo apamsewu atasinthidwa mu January 2022, analemba momveka kuti wapanjinga akhoza kuyenda pakati pa mbali yake pamisewu yopanda magalimoto ambiri, pamene magalimoto akuyenda pang'onopang'ono, ndiponso poyandikira mphambano. Anatinso woyendetsa galimoto asiye mpata wa mamita 1.5 podutsa njinga, ndipo awonjezere ngati akuthamanga kwambiri. Ku France lamulo limati mita imodzi m'tauni, mamita 1.5 kunja kwa tauni. Apolisi a dera la West Midlands ku Britain mu 2016 anachita chinthu chimene ndimachisirira mpaka lero: wapolisi ankavala zovala wamba n'kukwera njinga, ndipo galimoto ikamudutsa moyandikira, anzake ankaiimitsa kutsogolo n'kumuonetsa dalaivala mpata womwe anayenera kusiya. Tangoganizani nkhope yake.

Pali nkhani ina imene imandiseketsa. Katswiri wina amene panthawiyo anali payunivesite ya Bath ku Britain, Ian Walker, anamangirira kachipangizo koyeza mpata panjinga yake n'kuyeza magalimoto pafupifupi 2,500 omwe anamudutsa. Anapeza kuti akavala chipewa choteteza mutu magalimoto ankamuyandikira kwambiri ndi masentimita 8.5, koma akavala wigi ya tsitsi lalitali kuti azioneka ngati mkazi, ankamusiyira masentimita 14 owonjezera. Ineyo ndine mkazi weniweni, wopanda wigi, ndipo masentimita 14 angawo ndikuwadikirabe. Chipewa sindinasiye kuvala. Koma kafukufukuyo amaonetsa kanthu kena koona: mpata umene dalaivala amakupatsa umatengera zimene iye akuganiza kuti ndiwe.

Ofufuza ena ku Australia mu 2019 anapeza kuti oposa theka la anthu osakwera njinga amene anawafunsa ankaona wapanjinga ngati si munthu wathunthu. Nditamva zimenezi sindinadabwe, ndinakumbukira mawu aja akuti "kachitsulo kakoko". Kuchokera kumbuyo ndine chikwama, chipewa ndi tayala basi. N'chifukwa chake ndikamva galimoto ikubwera ndi mtima wapachala, ndimatembenuza mutu kuti aone nkhope. Osati kumuyang'ana mwaukali, kungomuonetsa kuti pano pali maso ndi mphuno. Nthawi zambiri phokoso la injini limatsika pompo. Ndinachita kuyeserera kutembenuka popanda njinga kukhota, pabwalo lopanda magalimoto, Loweruka lina lonse, ana akundiseka.

Za malole ndinene mwachidule, chifukwa kumeneko nkhani si ukali. Woyendetsa lole sakuona ukakhala pambali pake chakutsogolo kapena pafupi ndi matayala, ndipo lole ikamakhota matayala akumbuyo amadula njira. Sindilowa pakati pa lole ndi mphepete mwa msewu, ngakhale itaima, ngakhale ndachedwa. Magalimoto oimikidwa nawonso ndimawapatsa mpata wa chitseko chathunthu.

Tsopano otsalawo, ankhanza enieni. Alipo, ndipo n'ngochepa kuposa mmene ndinkaganizira, mwina mmodzi pamwezi. Amadziwika. Injini imalira mwadala. Hutala imakhala yaitali, yosapuma. Akamadutsa amachita kukhotera kumene uli ngakhale mbali inayo kuli mbee, kuti akuphunzitse, kenako amakuyang'ana pagalasi kuti aone ngati wamva. Munthu wotere akufuna yankho. Akufuna chala, akufuna mwano, akufuna chifukwa choimira.

Lamulo langa ndi limodzi, ndipo ndinalilipira ndi miyendo yonjenjemera ija: munthu wokwiya akhale kutsogolo kwanga, asakhale kumbuyo. Ali kutsogolo ndikumuona, ndipo akutalikira. Ali kumbuyo, moyo wanga uli pa phazi lake lakumanja. Choncho ndikangomuzindikira ndimafufuza malo abwino, kupatuka, kuponda pansi, apite. Ndikamupeza pamaloboti sindimudutsa, ngakhale mpata ulipo, ndimaima kumbuyo magalimoto awiri kapena atatu. Akatsitsa windo n'kuyamba kulalata sindiyankha. Akaima n'kutsika, sinditsika njinga kuti tikambirane, ndimatembenuka kubwerera kumene ndachokera, chifukwa njinga imatembenuka pamalo amodzi pomwe galimoto imafuna bwalo. Ndimapita pomwe pali anthu. Ndipo sindilunjika kunyumba ngati akunditsatira.

Pakamwa ndimapapatsa ntchito ina. M'malo motukwana ndimatchula nambala ya galimotoyo mokweza, kuibwereza ngati kanyimbo ka ana a sukulu, pamodzi ndi mtundu wake, mpaka ndipeze poima n'kuilemba m'foni. Zimathandiza pawiri: nambala ndimaisunga, ndipo pofika ulendo wachisanu woibwereza mkwiyo uja watsika. Chaka chatha ndinagula kakamera kakang'ono n'kukamangirira pansi pa chishalo, koyang'ana kumbuyo. Sikateteza thupi, koma kamandichotsera njala yofuna kuweruza mlandu pamsewu pomwepo. Ndimadziwa kuti nkhaniyo ilipo, ndikaifuna ndiipeza madzulo.

Kamodzi inali galimoto ya kampani ina, yokhala ndi nambala ya foni kumbuyo. Ndinadikira mpaka mawa lake, nditagona n'kudzuka. Ndinaimba, n'kunena nthawi, malo, nambala ya galimoto, ndi zimene zinachitika, popanda kukweza mawu. Mayi amene anayankha anati, "Pepani kwambiri mayi, tumizani kanemayo." Ndinatumiza. Galimoto imeneyo ndimakumana nayobe, ndipo masiku ano imandidutsira kutali ngati ndili ndi matenda opatsirana. Ndikanaimba tsiku lomwelo, mtima uli wowira, ndikukhulupirira akanangondidulira foni.

Ndisakunamizeni kuti ndafika poyera mtima. Zimandiwawa kuti amene angafe ndi amenenso ayenera kudekha, kumwetulira, kuthokoza munthu chifukwa choti sanamuponde. Anzanga ena apanjinga amati kupatukira wankhanza n'kumuphunzitsa kuti nkhanza zimapindula, ndipo mfundo yawo ndimaimva. Koma sindinaonepo dalaivala amene anasintha khalidwe chifukwa wapanjinga wamutukwana pamaloboti. Amene amasintha zinthu ndi apolisi, mabwana a makampani, ndiponso omanga misewu. Ku Netherlands, kumene lero aliyense amakutchula ngati kwawo kwa njinga, mu 1971 anthu pafupifupi 3,300 anafa pamsewu, oposa 400 mwa iwo ana. Makolo anatuluka m'misewu ndi gulu lotchedwa Stop de Kindermoord, kutanthauza kuti lekani kupha ana, ndipo pang'onopang'ono anayamba kumanga njira za njinga zapadera n'kuchepetsa liwiro m'malo okhala anthu. Sikuti madalaivala akumeneko anabadwa ofatsa. Anangowachotsera mpata wokhula munthu ndi galasi. Mkwiyo wanga ndimayesetsa kuusungira kumeneko, m'makalata ndi m'misonkhano, ngakhale kuti kulemba kalata sikukoma ngati kumenya chitseko.

Ifenso apanjinga tili ndi zathu. Wopanda nyali usiku, wodutsa maloboti atafiira, wopalasa moyang'anizana ndi magalimoto. Ndikamuona wotere ndimadziwa kuti dalaivala amene wamudzidzimutsa akaphwetsera mkwiyowo pa ine patsogolo apo. Nyali zanga ndimayatsa ngakhale masana kukachita mitambo, ndipo mabuleki ndimawayesa ndisanatuluke pageti.

Akulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, ndipo paulendo wa tsiku ndi tsiku mawu amenewa si fanizo chabe. Anthu ake ndi omwewo, nthawi yake ndi yomweyo. Pikiapu yoyera ija ndimakumana nayo mwina kawiri pamlungu, cha m'ma 7 koloko, pafupi ndi kamlatho kaja. Kwa miyezi 3 chichitikireni zija ndinkazungulira njira ina yowonjezera makilomita 2 poiopa. Kenako ndinatopa n'kubwerera njira yanga.

Sindikudziwa ngati bambo uja amandizindikira. Chipewa ndinasintha, chikwama ndi china. Ine ndimaizindikira isanafike n'komwe, injini yake ili ndi kaphokoso kena ngati kakutsokomola. Ndikaimva ndimachepetsa liwiro tisanafike pamlatho, n'kuponda pansi pafupi ndi chikwangwani, ipite. Lachiwiri lapitali inandidutsa bwinobwino, mpata wokwana munthu kugona chopingasa. Galasi lija lidakali lomanga ndi tepi yakuda.