Ulemu wanga kwa osamalira ng'ona

Lero ndaonerera osamalira nyama akudyetsa ng'ona kumalo osungirako nyama zakutchire, ndipo mpaka pano mtima sunakhazikike. Palibe amene amayandikira dziwe ali yekha. Wina akamapereka nyama pa ndodo yaitali, mnzake maso amakhala ali pamadzi. Abale, anthu amenewa azilipidwa bwino ndithu!

Chandidabwitsa n'choti ng'ona yaikulu sidya tsiku lililonse. Kamodzi pa sabata n'kokwanira, ndipo kukazizira imakana kudya chifukwa thupi lake limadalira kutentha kwa dzuwa kuti ligaye chakudya. Mukaiona itayasamula pamchenga si ukali ayi, ikuziziritsa thupi.

Ntchito ina sitiiona n'komwe: kutsuka dziwe, kupaka mankhwala pamabala, ngakhale kuyeza kutentha kwa chisa, poti kutenthako ndi kumene kumachititsa kuti mazira aswe ana aamuna kapena aakazi.