Meya wa ku Curitiba ndi funso limene landisowetsa mtendere

Lachinayi usiku

Mawu amene ndauzidwa masana ano ndi bambo wina wachikulire, yemwe anagwira ntchito ku khonsolo mpaka kupuma, akundizungulirabe m'mutu. Tinkacheza za a Jaime Lerner, katswiri wa mapulani a nyumba amene anakhala meya wa mzinda wa Curitiba ku Brazil katatu ndipo anamwalira mu 2021. Ine ndinkawatamanda ndi mtima wonse chifukwa cha mmene anasamalira chilengedwe mumzindawo. Bambowo anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati: "Mwana wanga, ukudziwa amene anawaika pampando mu 1971? Sanasankhidwe ndi anthu ayi, linawaika ndi boma la asilikali. Munthu amene sakuopa chisankho ndiye amakonza mzinda."

Ndinasowa choyankha msanga chifukwa zimene ananenazo n'zoona. Mu 1972 a Lerner anatseka msewu waukulu wamalonda wotchedwa Rua XV de Novembro kuti magalimoto asamadutsemo, eni masitolo akukana, ndipo ntchito yoyala miyala inatha m'masiku atatu okha kuti otsutsawo asapeze mpata woiletsa. Bambowo anabwereza nkhaniyi mokondwa, ngati umboni woti kufunsa anthu kumangochedwetsa chitukuko. Ndinati: "Bambo, komatu eni masitolo omwewo ataona makasitomala akuchuluka anapempha kuti gawo lotsekedwalo aliwonjezere." Iwo anangoti zimenezo zikugwirizana ndi mfundo yawo, poti anthu amavomereza chinthu akachiona chitatheka kale.

Chimene chikundiwawa n'chakuti ntchito za a Lerner zimene ndimazilemekeza kwambiri sizikanatheka mwa lamulo lokha. M'madera a anthu osauka, kumene tinjira tinali tating'ono moti galimoto yotola zinyalala sinkalowa, khonsolo inayamba mu 1989 kusinthanitsa matumba a zinyalala ndi matikiti a basi, ndipo pambuyo pake ndi ndiwo zamasamba ndi zipatso zogulidwa kwa alimi ang'onoang'ono. Palibe msilikali amene angakakamize mayi kunyamula thumba la zinyalala sabata ndi sabata. Amanyamula chifukwa waona kuti ana ake adya ndipo pakhomo pake payera. Chaka chomwecho cha 1989 khonsolo inayamba kuphunzitsa anthu, makamaka ana asukulu, kusiyanitsa zinyalala zotha kugwiritsidwanso ntchito ndi zowola. Ndipo zonsezi zinachitika pa ulendo wachitatu wa a Lerner monga meya, anthu atawasankha okha mu 1988. Mfundo imeneyi ndinainena, koma mwina sindinaitsindike mokwanira, chifukwa bambowo anali atayamba kale kufotokoza za misonkhano ya makhansala imene inkatha popanda chogwirizana.

Sindikudziwa chifukwa chake nkhaniyi yandikhumudwitsa chonchi. Mwina n'chifukwa chakuti ndikumvetsa kutopa kwawo. Munthu amene waona mapulani abwino akufera m'mafayilo zaka zambiri amayamba kulakalaka mtsogoleri wosafunsa aliyense, ndipo sindingamunene kuti ndi woipa mtima.

Komabe ndikaganiza za nzeru zenizeni za a Lerner, ndimaona kuti zinali pa kupeza njira yotsika mtengo, osati pa mphamvu. Mizinda ina ikukumba njanji zapansi zodula kwambiri, iwo mu 1974 anapatula misewu yoyendamo mabasi okha, ndipo kenako anamanga malo okwerera pamene munthu amalipiriratu basi isanafike, kuti isamachedwe. Mzinda wa Bogotá ku Colombia unatengera njirayi mu 2000, Johannesburg mu 2009. M'malo momanga ngalande za simenti, malo a m'mbali mwa mitsinje amene ankasefukira anawasandutsa mapaki okhala ndi nyanja zing'onozing'ono, monga paki ya Barigui, kuti madzi a mvula akachuluka azikhala ndi kopita osalowa m'nyumba za anthu. Meya wosankhidwa ndi anthu angathe kuganiza chimodzimodzi, ndipo palibe chilichonse m'nzeru zimenezi chimene chimafuna mfuti.

Pali china chimene sitinachikhudze n'komwe. Curitiba ndi umodzi mwa mizinda ya ku Brazil yokhala ndi magalimoto ambiri poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, ndipo osauka ambiri amakhala m'matauni ozungulira, kumene ubwino wa mapulaniwa sunafike mokwanira. A Lerner anadzakhala bwanamkubwa wa chigawo chonse cha Paraná, mmene muli Curitiba, kuyambira 1995, motero matauniwo anali m'manja mwawonso. Kodi anthu a kumeneko akanafunsidwa kuyambira pachiyambi, mapulaniwo akanasiyana? Kapena akanangochedwa osachitika n'komwe, monga mmene bambowo akukhulupirira? Ndikufuna ndikawafunse zimenezi tikadzakumananso, ngakhale kuti ine mwini sindinapezebe yankho limene lingandikhutiritse.