Kukajambula njovu ku Mana Pools: galimoto itengeni dzulo lake

Abale anga a kuno ku Harare amene mwakhala mukundifunsa za ulendo wa ku Mana Pools, paki ya nyama za kutchire ya kumpoto kwa Zimbabwe, ndabwerako ndipo zithunzi ndili nazo, koma mtima sunaphwebe ndi zimene anandichita a kampani ina yobwereketsa magalimoto.

Malo ogona ku kampu ya Nyamepi, m'kati mwa pakiyo, ndinalipiriratu ku ZimParks, bungwe loyang'anira mapaki a m'dziko muno, kumeneko kunalibe vuto. Nkhani ndi galimoto. Tinapangana kuti 4x4 ikhala yokonzeka m'mamawa. Ndikufika, akuti ikadali ku garaja. Ndadikira, ndadikira, kenako akuti dipoziti yakwera chifukwa msewu wa kumeneko umadya matayala. Kodi pamene tinkapangana sankaudziwa msewuwo? Makiyi ndinawagwira dzuwa lili pamutu.

Chimene chikundiwawa n'chakuti chilolezo cholowera mumatengera pa ofesi ya Marongora, mutadutsa Chinhoyi, Karoi ndi Makuti, ndipo ikakwana 3:30 masana sakulolaninso kupitirira. Iwo sakulakwa, poti kutsogoloko kuli msewu wafumbi wopitirira makilomita 70 wodutsa m'tchire la nyama. Ine ndinagona ku Makuti, uku malo anga a ku Nyamepi ali olipiridwa kale. Kuwala kwa madzulo amenewo ndi kwa m'mawa wake, zonse zinapita. Galimoto itengeni dzulo lake, igone pakhomo panu, munyamuke kusanache.

Mafuta thirani ku Karoi mudzazitse, ndi zigubu zomwe, m'pakimo mulibe pothirira. Malalanje ndi zipatso zina musanyamule, saloleza, njovu zimalondola fungo. Ndaiwala za fumbi: limalowa paliponse. Kamera ndinkaikulunga m'chitenje n'kuifungata pamiyendo, mabampu angaiwononge, ndipo lenzi musasinthire panja. Mabatire tchajirani kunyumba. Drone isiyeni ngati mulibe chilolezo chake.

Koma abale, malo aja! Sikuti bungwe la UNESCO linangowaika pa mndandanda wake wa malo ofunika kwambiri pa dziko lonse mu 1984 popanda chifukwa. M'chilimwe mitengo ya nsangu ya m'mbali mwa Zambezi imagwetsa zipatso, ndipo njovu zina zamphongo zimaima ndi miyendo yakumbuyo yokha kuti zifikire nthambi. Ndinaiona imodzi ikutero, chitamba chili njo m'mwamba, mapiri a ku Zambia akuoneka kuseri kwake, pansi pa mitengo pali kuwala kobiriwira ngati utsi. Kuwala kumeneko ndi kwa m'mawa kwambiri, dzuwa likakwera zonse zimangoyera mbee. Imani chete, njovu muisiyire njira, chithunzi chimabwera chokha. Ngati simunazolowere tchire, lipirani mlonda wa pakiyo muyende naye.

N'chifukwa chake ndikubwereza: galimoto itengeni dzulo lake, ndipo mtengo wa dipoziti aulembe papepala asaine. Jambulani matayala onse musanachoke pa geti pawo. Yanga dipoziti mpaka lero sanabweze, akuti bwana sanafike.