Nthawi yanga ya marathoni inasowa pa mkeka wa pakati: mmene ndinaibwezera

Imelo yafika dzulo madzulo kuchokera ku mpikisano waukulu umene ndinkafuna kulowa, yonena kuti nthawi yanga ya marathoni ailandira, ndipo dzina langa lili pa mndandanda wa odzaima pa mzere woyambira. Mtima wakhala pansi, koma mkwiyo sunathe, ndiye ndati ndilembe zonse zidakali m'mutu. Ndikulembera makamaka anzanga othamanga wamba, ife amene timadzuka kudakali mdima kuti tikathamange ana asanadzuke, kenako n'kuthamangiranso kuntchito.

Za kukonzekera sindichulutsa gaga. Mukudziwa kale za ulendo wautali wa kumapeto kwa sabata, ndi kuchepetsa makilomita masabata awiri kapena atatu omaliza. Chomwe sitikambirana kawirikawiri n'chakuti mipikisano ina ikuluikulu sulowa pongolipira ndalama. Marathoni ya Boston ku America, yomwe inayamba mu 1897, imafuna kuti uonetse nthawi yoyenera zaka zako. Comrades ya ku South Africa, ya makilomita pafupifupi 90 pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, imafuna kuti ukhale utamaliza mpikisano wina wosachepera marathoni mkati mwa nthawi yomwe iwo aika. Mpikisano umene ine ndinkaufuna ndi wa mtundu umenewu. Choncho marathoni imene ndinathamanga poyamba inali khomo lolowera, ndipo chimene ndinkafuna kumeneko chinali mzere umodzi wokha pa tsamba la zotsatira: dzina langa, nambala yanga, nthawi yanga.

Tsiku la mpikisanolo linayenda bwino. Pambuyo pa makilomita 30 miyendo inalemera monga imachitira kwa aliyense shuga wosungidwa m'minofu akatha, koma ndinalimbikira, ndipo ndinadutsa mzere womaliza nthawi yofunikayo isanakwane. Bambo a kunyumba ndi ana anali pomwepo akukuwa dzina langa. Ndinapita kunyumba ndi mendulo pakhosi.

M'mawa mwake ndinatsegula tsamba la zotsatira pa foni. Dzina linalipo. Nthawi ya pa makilomita 10 inalipo, ya pa 30 inalipo, ya pa 40 ndi ya pa mzere womaliza zinalipo. Koma malo a pakati, pa makilomita 21.1, panali poyera, ndipo pamene panayenera kukhala nthawi yanga yonse panali mawu oti zotsatira zanga akuzifufuza.

Kwa amene simunakumanepo nazo, nkhani yake ili motere. Kuseri kwa nambala ya pachifuwa kumakhala kachipu kopyapyala. Ukaponda mkeka umene amayala mumsewu, makina amawerenga kachipuko n'kulemba nthawi. Mikeka imeneyi saiyala pongofuna kuti achibale azikutsatira pa foni. Amaiyalanso kuti agwire odula njira. Mu 1980 Rosie Ruiz analengezedwa kuti wapambana Boston kumbali ya akazi, koma zitadziwika kuti sanathamange njira yonse anamulanda chipambanocho n'kupatsa Jacqueline Gareau. Ndiye okonza mipikisano akaona kuti mkeka umodzi sunakuone, amakukayikira. Zimenezo ndilibe nazo vuto, n'zoyenera. Vuto langa ndi zimene zinatsatira.

M'gulu lathu la pa WhatsApp tinapeza kuti sindinali ndekha. Anthu ena angapo amene tinadutsa pamalopo nthawi zoyandikana analibenso nthawi ya pakati. Mkekawo ndi umene unagona kwa mphindi zingapo. Apa ndiye malangizo oyamba, ndipo ndiwabwerezanso: onani zotsatira zanu tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, mzere uliwonse, ndipo jambulani tsambalo pa foni. Musamangoona mendulo n'kuganiza kuti zatha.

Ndinalemba imelo. Kunabwera yankho la makina lothokoza chifukwa chotenga nawo mbali. Ndinaimba nambala ya pa fomu yolembetsera, inangolira. Ndinalemba uthenga pa Facebook, ndipo patapita masiku wina anayankha mawu atatu okha: "Bwerani ku ofesi."

Tsiku limenelo ndi limene limandiwawa mpaka lero. Ndinapempha tchuthi kuntchito, tsiku limene ndinkasungira mwana wathu wamng'ono akadwala. Bambo a kunyumba anasintha nthawi yawo yolowera ntchito kuti aperekeze ana kusukulu. Ndinanyamula nambala ya pachifuwa ija, idakali ndi mapini ake ndi madontho a thukuta, mendulo, pasipoti ndi wotchi yanga ya GPS yoyeza mtunda. Ndinafika ofesi itangotsegulidwa. Inali chipinda chimodzi chodzaza makatoni a malaya otsala a mpikisano, ndi mtsikana mmodzi kuseri kwa tebulo.

"Mayi, amene amaona za nthawi sanafike. Mungodikira pang'ono."

Ndinadikira. Cha m'ma 11 anandipatsa fomu ya madandaulo, n'kunena kuti fomuyo siyenda popanda ndalama yokonzetsera zotsatira. Ndinafunsa kuti ndikulipiriranji pamene mkeka wawo ndi umene unalephera. Anati ndi lamulo, aliyense amalipira. Tsiku lomaliza lotumiza nthawi ku mpikisano waukulu uja linali likuyandikira, ndiye ndinalipira. Risiti anachita kuifunafuna m'madilowa, ndipo ndikanapanda kuumirira sindikanailandira. Umirirani risiti, anzanga.

Bambo woona za nthawi uja anafika dzuwa litapendeka. Sanapepese. Anatenga wotchi yanga n'kuyang'ana, kenako n'kupukusa mutu.

"Mayi, wotchi yanuyi ikuti makilomita 42.6. Mpikisano wathu ndi 42.2. Umenewu si umboni."

Apa ndiye ndinamva kutentha m'makutu, chifukwa munthu wogwira ntchito ya mipikisano amayenera kudziwa bwino zimenezi kuposa ine. Mtunda wa marathoni ndi makilomita 42.195, umene unathamangidwa pa Olimpiki ya ku London mu 1908 n'kukhazikitsidwa kukhala lamulo mu 1921. Oyeza njira amagwiritsa ntchito njinga yokhala ndi kachipangizo kowerenga kuzungulira kwa tayala, kotchedwa Jones counter, ndipo amayamba ayesa njingayo pa msewu wowongoka umene auyeza ndi tepi yachitsulo. Akamayeza amadutsa mzere wachidule kwambiri umene wothamanga angadutse, kukhotera m'kati mwenimweni mwa ngodya iliyonse. Pamwamba pake amawonjezera mita imodzi pa kilomita iliyonse kuti njira isapezeke yoperewera, ndiye pa marathoni ndi mamita 42. Ife othamanga m'chigulu sitidutsa mzere umenewo. Timazemba anzathu, timapatukira ku tebulo la madzi, timakhota motalikira. Onjezani kuphonya kwa GPS pakati pa nyumba zitalizitali ndi pansi pa mitengo. Wotchi yoonetsa 42.6 pa njira yoyezedwa bwino ndi chinthu chachizolowezi. Ikanaonetsa 39 ndi pamene akanayenera kundifunsa mafunso.

Ndinawafotokozera zonsezi modekha mmene ndikanathera. Anamvetsera, kenako ananena mawu amene anayenera kunenedwa pa foni pachiyambi pomwe:

"Komabe mayi, ifeyo nthawi sitisunga kuno. Imasungidwa ndi kampani imene tinaipatsa ntchito yowerengera."

Tsiku lonse! Tchuthi changa, ndalama yanga, bambo a kunyumba kuchedwa kuntchito, zonsezo kuti ndikamve kuti ofesiyo ilibe n'komwe kompyuta yokhala ndi nthawi zathu. Ndinafunsa kuti nanga fomu ndalipirira ija ipita kuti. Anati aitumiza. Ndinapempha nambala ya kampaniyo, anati alibe chilolezo chopereka.

Ndinaipeza ndekha usiku womwewo ana atagona. Dzina la kampaniyo linali pansi penipeni pa tsamba la zotsatira, m'tizilembo ting'onoting'ono, pamodzi ndi imelo yotumizirako zofuna kukonza. Mvetsani bwino apa: m'mipikisano yambiri okonza mpikisano ndi ena, owerengera nthawi ndi ena. Nkhani ya chipu, mkeka kapena nthawi yosowa, yambirani kwa owerengera nthawi, okonzawo mungowapatsa kope. Musataye tsiku lanu pa benchi ya ofesi.

Ndatsala pang'ono kuiwala chinthu chimene chimayenera kubwera koyambirira, musanalipire n'komwe. Tsimikizani kuti njira ya mpikisano umene mukufuna kutengerako nthawi ndi yoyezedwa movomerezeka. Mabungwe a World Athletics ndi AIMS ndi amene amayang'anira kayezedwe kameneka pa dziko lonse, ndipo m'mayiko ambiri bungwe la masewera othamanga la dzikolo limasunganso mndandanda wake. Funsani satifiketi ya njirayo ndi chaka chimene anaiyeza, chifukwa njira ikasintha ngakhale pang'ono imafuna kuyezedwanso. Mnzathu wina anathamanga nthawi yabwino kuposa yanga pa mpikisano wosayezedwa, ndipo nthawiyo sinalandiridwe kulikonse. Funsaninso ngati mpikisano umene mukupitako umawerengera nthawi ya chipu, yoyambira pamene iwe waponda mkeka woyamba, kapena nthawi ya mfuti, yoyambira pamene onse auzidwa kuti yambani. Ukaima kumbuyo kwa chikhamu cha anthu, kusiyana kwake kumatha kukhala mphindi zingapo, ndipo kwa ife othamangira m'malire mphindi zimenezo ndiye nkhani yonse.

Tibwerere ku kampani ija. Ndinawatumizira imelo imodzi yokhala ndi zonse. Mutu wake unali nambala yanga ya pachifuwa ndi dzina la mpikisano, chifukwa iwo amasaka ndi nambala osati dzina. Ndinaikamo chithunzi cha tsamba la zotsatira choonetsa malo opanda kanthu aja. Ndinaikamo fayilo ya GPX yochokera pa wotchi, osati chithunzi cha mapu chabe, chifukwa fayiloyo imaonetsa malo ndi nthawi pa ulendo wonse. Pa Strava, pulogalamu ya othamanga, kapena pa pulogalamu ya wotchi yanu mukhoza kuitsitsa pa kompyuta. Ndinaikamonso zithunzi ziwiri za ojambula a mpikisano zimene zinandigwira pafupi ndi chikwangwani cha pakati, nambala ikuoneka bwino. Ndipo ndinalemba masamu ochepa: nthawi imene ndinatenga kuchoka pa makilomita 10 kufika pa 30 ikugwirizana ndi liwiro langa la chigawo choyamba ndi chomaliza. Wodula njira amaoneka pamenepo, chifukwa mwadzidzidzi amakhala ndi liwiro la Kipchoge, katswiri wa marathoni wa ku Kenya, pakati pa mpikisano. Pomaliza ndinatchula manambala a anzanga amene anasowanso pa mkeka womwewo, atandilola.

Anayankha mawa lake. Anavomereza kuti makina a pamalopo anazima kwa kanthawi, anati ali ndi kanema wa pamenepo wosungira zoterezi, ndipo anandipeza m'kanemamo. Sabata isanathe nthawi yanga inaoneka pa tsamba. Sanandilipiritse kalikonse. Fomu ya ku ofesi ija anati sanailandire.

Ndinkaganiza kuti zatha, koma ayi. Nditatumiza ulalo wa zotsatira ku mpikisano waukulu, anabweza n'kunena kuti dzina silikufanana ndi la pa pasipoti. Fomu ya pa intaneti ya mpikisano woyamba uja inali itadula zilembo zomaliza za dzina langa lachiwiri chifukwa n'lalitali, ndipo pa nambala ya pachifuwa analemba dzina loyamba lokha, ndiye panalibe pooneka. Ndinalembanso kwa owerengera nthawi, ndi chithunzi cha tsamba la pasipoti, ndipo anakonza tsiku lomwelo. N'chifukwa chake ndikunenanso: onani zotsatira zanu mwamsanga, mzere uliwonse, osati nthawi yokha. Onani kalembedwe ka dzina, chaka chobadwa, gulu la zaka, ngati analemba mkazi kapena mwamuna. Amayi anzanga amene munasintha dzina mutakwatiwa, lembetsani mipikisano yonse iwiri ndi dzina limene lili pa chiphaso chimene mudzanyamule pokatenga nambala.

Masabata amenewa kunyumba kunali kovuta. Thupi likamachira pambuyo pa marathoni munthu sachedwa kupsa mtima, ndiye onjezani kuyang'ana imelo mphindi iliyonse. Mwana wathu wamkulu anandifunsa ngati andilanda mendulo. Bambo a kunyumba, amene kwa miyezi yonseyo ankasamalira ana Loweruka lililonse m'mawa ine ndili mumsewu, anangoti, "Mayi, tinakuonani ndi maso athu mukudutsa mzere uja. Lembani kalatayo, ine ndigoneka anawa." Anthu a m'maofesi a mipikisano sazindikira kuti mzere umodzi wa pa tsamba lawo waphatikiza nthawi ya banja lonse, osati ya wothamanga yekha.

Chinanso, ngati mpikisano wanu uli kunja, werengani msanga ngati akufuna kalata ya dokotala. Mayiko ena, monga Italy, amaifuna pa mipikisano yovomerezeka, ndipo nthawi zambiri amakhala ndi fomu yawoyawo imene dokotala ayenera kusaina ndi kudinda. Kalata wamba yongonena kuti muli bwino akhoza kuikana. Itsitseni fomuyo musanapite kuchipatala kuti musapite kawiri.

Nambala ya pachifuwa musaitaye mpaka nthawi yanu italandiridwa, ndipo fayilo ya pa wotchi musaifufute. Kachipu kaja musakapinde, ndipo podutsa pa mkeka nambala isaphimbike ndi jekete kapena lamba wa mabotolo a madzi, kuti mkeka ukalephera pasakhale wonena kuti vuto linali lanu.

Ndalama yokonzetsera ija sanandibwezerebe. Ndawalembera kachiwiri okonza mpikisanowo, ndaikamo chithunzi cha risiti pamodzi ndi imelo ya owerengera nthawi yovomereza kuti makina awo ndi amene anazima. Ndawapemphanso kuti alembe imelo ya kampaniyo pamwamba pa tsamba la zotsatira, pooneka, ndipo auze mtsikana wa pa tebulo uja kuti asamaitanire anthu ku ofesi pa nkhani imene ofesiyo singathe kuikonza. Anzanga ena a m'gulu lathu amene anasowa pa mkeka womwewo alembanso makalata awo sabata ino.