Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Macheza ndi Opeka Nyimbo

Gawo lapita lija tinalekezera pa zaka zomwe ndinkayendetsa macheza a pagulu ndi opeka nyimbo, m'maholo a tchalitchi ndi m'makalasi a sukulu za pulayimale. Ambiri mwafunsa kuti macheza oterewa amakonzedwa bwanji, ndiye lero tikambe za ntchitoyo basi.

Poyambira ndi kwa amfumu, osadumpha. Kenako sankhani tsiku lomwe si la msika, muyambe 2 koloko masana kuti pomakwana 4 koloko anthu azibwerera kusanade. M'mudzi mukagwa zovuta, tsiku limasuntha, palibenso zokambirana. Zida sizichuluka: maikolofoni awiri, sipika imodzi, kiyibodi kapena gitala, bolodi ndi choko. Batire ya galimoto yotchaja bwino ndi inveta zikhale pafupi, kuchitira magetsi akathima. Sipika ikhale kutsogolo kwa olankhula, yopenya kwa anthu. Mukaiika kumbuyo kwawo, maikolofoni imatola mawu otuluka m'sipikamo n'kuwabwezeranso momwemo, ndiye kumamveka kulira koboola m'khutu kuja.

Chomwe chimapha macheza ndi kumulola mlendo wanu kuimba nyimbo zake zotchuka. Akangoyamba, achinyamata aimirira, fumbi koboo, mafunso athera pomwepo. Mumuuziretu kukadali sabata yathunthu kuti abwere ndi nyimbo yosatha, yomwe ikumusowetsabe tulo. Ayimbe mzere umodzi wokha, aulembe pabolodi mwa do re mi monga amachitira aphunzitsi a kwaya, kenako mufunse anthu kuti, "Amayi ndi abambo, mwamva kuti chiyani?"

Apa ndiye pagona nkhani. Chichewa chathu chimasiyanitsa tanthauzo ndi kakwezedwe ka mawu. Mtengo wa kunkhalango ndi mtengo wa pamsika timalemba chimodzimodzi, koma woyambawo umakwera pa "te" pomwe wachiwiriwo umangoyenda pansi. Wopeka akayamba ndi maimbidwe n'kumakakamiza mawu kuti alowemo, khutu la mwini chinenero limakana, ngakhale mwiniyo atalephera kufotokoza cholakwika. Agogo okhala pamphasa kutsogolo ndiwo amayamba kugwira zimenezi, nthawi zambiri wa kiyibodi asanazindikire. Apatseni maikolofoni yachiwiri ija, atchule mawuwo monga amayankhulira kunyumba, wopekayo asinthe noti pabolodi anthu akuona. Mukatero gawani holo panayi, sopulano, alito, tenala ndi besi, aimbe mzerewo kale ndi tsopano. Mphindi 20 zimakwana.

Vuto lina ndi kagundidwe. Mabiti ambiri obwera kale m'kiyibodi amawerenga zinayizinayi, pomwe ng'oma za magule athu ambiri zimayenda zitatuzitatu. Ndi chifukwa chake nyimbo ina imakoma pawailesi koma amayi akati aombe m'manja, manja amasemphana. Zimitsani biti ya makinayo, woimba ng'oma wa m'mudzimo atsogolere, kusiyana kumveka pompo.

Mphindi 30 zomaliza musiyire nkhani ya ndalama, chifukwa ifunsidwa ndithu. Wopeka nyimbo, woimba, ndi mwini situdiyo ndi anthu atatu osiyana, ndipo mikangano yambiri imabuka poti sanalemberane kalikonse asanajambule. Pepala limodzi losainirana, lonena amene anapeka mawu ndi amene anapeka maimbidwe, limathetsa zambiri. Bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, ndi komwe opeka amalembetsa nyimbo zawo kuti azilandira kangachepe zikaseweredwa pawailesi, ndipo lamulo lomwe likugwira ntchito pano ndi la 2016.

Za mafoni munene poyambirira penipeni, pemphero likangotha: nyimbo yosathayo asajambule. Mukaiwala, pofika madzulo ili kale pa WhatsApp, kwaya ina yayamba kuiphunzira, ndipo mlendo wanuyo ulendo wina adzabwera ndi zotchuka zokhazokha.