Abambo ankayeza chambo pa mkono

Abambo anga analibe sikelo. Chambo ankachigoneka pa mkono, mutu pachikhatho, n'kuona pamene mchira wafika. Ndili mwana ku Mangochi ndinkawaona akutero m'mawa uliwonse pagombe. Poyamba mchira unkayandikira chigongono. Pamene ndinkamaliza pulayimale, chambo chambiri chinkangothera pachikhatho pomwepo, iwo n'kupukusa mutu osanena kanthu.

Ndakumbuka mkono umenewu sabata ino powerenga zimene zinachitikira nsomba ya cod ku Newfoundland, m'dziko la Canada. Kumeneko anthu akhala akuwedza nsombayi kwa zaka mazana angapo. Kenako kunafika sitima zikuluzikulu zokoka makoka pansi pa nyanja, ndipo mu 1968 mokha nsomba zonse za cod zomwe zinavuulidwa zinaposa matani 800,000. Mu 1977 Canada inakulitsa malire ake a panyanja kufika mamailosi 200 n'kuchepetsa sitima zakunja, koma zake zomwe zinapitiriza kukoka.

Chimene chandikhudza mtima ndi ichi. M'zaka za m'ma 1980, asodzi a maboti aang'ono, omwe ankatchera misampha m'mphepete mwa nyanja, anayamba kudandaula kuti nsomba zikuchepa ndiponso zikubwera zing'onozing'ono. Koma akatswiri a boma ankadalira kwambiri ziwerengero za sitima zija, zomwe zinkabwerabe zodzaza. Chimene sanachiganizire mokwanira n'chakuti cod ikamachepa, zotsalazo zimaunjikana malo amodzi. Sitima yokhala ndi makina ofufuzira nsomba imalunjika pagulu lomwelo n'kudzaza msanga, ngakhale nyanja yonse ili mbee. Papepala nsomba zinalipo. M'madzi zinali zikutha.

Pa 2 July 1992, nduna yoona za usodzi John Crosbie inalengeza kuti kupha cod kwaletsedwa kwa zaka ziwiri. Anthu pafupifupi 30,000 ntchito inawathera, ambiri n'kusamuka m'midzi yawo. Zaka ziwirizo zinasanduka 32. Usodzi wamalonda unatsegulidwanso mu 2024, ndipo analoleza matani 18,000 okha.

Sindikunyoza kafukufuku ayi. Ndi akafukufuku omwewo, monga George Rose, amene pambuyo pake anasonyeza za kuunjikana kwa nsombazi, ndipo popanda iwo sitikanamvetsa chimene chinalakwika. Kungoti munthu amene amagwira nsomba ndi manja ake tsiku ndi tsiku amaona msanga zinthu zimene chiwerengero chimachedwa kuonetsa. Mawu ake ayenera kulowa m'kaundula momwemo, pambali pa matani a sitima.

Abambo anasiya kupita kunyanja kalekale, maso anafooka. Mwezi watha ndinawagulira chambo ziwiri pamsika, zodula ndithu. Asanafunse n'komwe mtengo, anatenga chimodzi n'kuchigoneka pa mkono. Kenako anauza amayi kuti aphike zonse ziwiri, chimodzi sichitikwanira.